Khirisimasi ya anthu 14 ndi nkhuku ziwiri: ndiphike bwanji?

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Moni nonse, amayi ndi abambo. Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kuno ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Luchenza. Chaka chino apongozi anga aakazi, amene amakhala cha ku Chonde, atumiza mawu kuti Khirisimasi adzadyera kwathu, ndipo adzabwera ndi alamu anga awiri a ku Blantyre pamodzi ndi mabanja awo. Ndikawerengera ndi ana omwe, tidzakhalapo anthu 14.

Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti chaka chatha zinthu sizinandiyendere bwino, ngakhale tinalipo asanu okha a m'nyumba mwathu. Tinatuluka m'tchalitchi dzuwa litapendeka kale, mvula inali itagwa usiku wonse ndipo nkhuni zinali zonyowa, moti ndinaphika mothamanga, utsi uli tolo m'khitchini. Tambala amene ndinapha anatuluka mu mphika ali gwa ngati mphira, mpunga unapserera pansi pamene pamwamba unali wosapsa, ndipo thobwa limene ndinakonza kutatsala masiku atatu linali litasasa kotero kuti ana analisiya m'makapu. Amuna anga sanayankhule kanthu, koma ndinaona kuti atadya pang'ono anapempha nsima ndi usipa wa dzulo lake.

Zimene ndili nazo ndi izi: nkhuku ziwiri zachikuda, tambala wamkulu ndi msoti, mpunga wokwana makilogalamu asanu, mgaiwa ndi ufa woyera, nsinjiro, mawere odzaza beseni laling'ono, ndi mkoko umodzi wa nthochi umene ukhoza kupsa sabata ya Khirisimasi yomweyo. Kuseri kwa nyumba nkhwani wayamba kuyanga. Ndalama za kubanki m'khonde tagawana kale, koma zambiri ndasungira feteleza wobereketsa ndi zofunika za ana kusukulu mu Januwale, choncho sindingagule zambiri zoonjezera.

Ndikupempha inu amene mwaphikira alendo zaka zambiri kuti mundiuze zakudya zimene mumakonda kuphika panyengo ino, ndi kaphikidwe kake kenikeni, osati mayina okha. Makamaka ndikufuna kudziwa chimene ndingaphike chimene mayi wachikulire wa Chilhomwe angachidye mokondwa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Agogo a ku Thekerani

Mwanangu, mawu anu wandiwerengera ndi mdzukulu wanga, ndipo ndi iyeyo amene akundilembera yankholi. Mwa zolakwika zitatu zimene mwatchulazo, palibe chimene chinachokera m'manja mwanu. Zonse zinachokera ku nthawi. Nkhuku munaipatsa nthawi yochepa, thobwa munalipatsa yochuluka. Ndiyamba ndi thobwa chifukwa ndi limene lifunika kuliyamba msanga.

Mawere anuwo muwaviike m'madzi cha pa 13 kapena pa 14 Disembala, agone usiku umodzi. M'mawa mwake muwatsanule, muwayale pa thumba lonyowa pamalo pamthunzi, ndi kuwafunditsa masamba a nthochi, ndipo muziwawaza madzi pang'ono tsiku lililonse. Kukamatentha chonchi, pakatha masiku atatu mudzaona timizu toyera tatuluka ndi kulukanalukana. Pamenepo ndiye payambira vuto la mwezi uno, chifukwa chimera chimafuna kuuma kwenikweni, pamene dzuwa la Disembala limawala m'mawa n'kubisala masana. Chiyanikeni pa mphasa m'mawa, mitambo ikayamba kuda pa phiri muchilowetse, ndipo usiku chizikhala pa nsanja ya m'khitchini pamene pamafika kutentha kwa moto. Chimera chimene chasungidwa chachinyezi chimachita nkhungu ndipo thobwa lake limanunkha chuku, shuga ngakhale achuluke bwanji. Chikauma mpaka kumathetheka m'manja, musinje kapena mupite nacho kuchigayo.

Madzulo a pa 23 muphike phala la mgaiwa, lolimbirako kuposa la ana, ndipo lipse bwino, lisamanunkhe ufa. Muliphule ndi kumalitakasa mpaka lizizire kufika poti chala chikhoza kukhalamo osapsa koma n'kumamvabe kufunda. Apo ndi pothira chimera. Ine mu ndowa yaikulu ya phala ndimathira chimera chodzaza mbale imodzi ya ndiwo, ndi kutakasa. Mudzaona chodabwitsa chimene ana amakonda kuonerera: phala lolimba lija limasungunuka lokha n'kukhala madzimadzi, ndipo mukalawa mumamva kutsekemera musanathire shuga. Ndi mphamvu ya chimera imene imasandutsa ufa kukhala wotsekemera, ndipo mphamvu imeneyi imafa mukathira m'phala lotentha kwambiri. Ambiri amalakwitsa pamenepa n'kumanamizira mawere. Vundikirani ligone. M'mawa wa pa 24 mulibwezere pamoto liwire ndithu, mukutakasa kuti lisagwire pansi, kenako muliike pozizira mu mtsuko kapena ndowa yotsukidwa bwino. Shuga musathire mu ndowa yonse. Muzithira mu jagi imene mukupereka kwa anthu nthawi yomweyo, chifukwa shuga ndi kutentha ndi zimene zimathamangitsa thobwa kuti lisase, ndipo likapitirira pamenepo limasanduka chakumwa chimene simungachipereke kwa apongozi pa tsiku la pemphero.

Tsopano za nkhuku. Tambala wachikuda amene wakhala akulira pakhomo zaka ziwiri sangapse mofanana ndi nkhuku zoyera za m'masitolo, ndiponso sangapsere limodzi ndi msoti. Muphe zonse ziwiri kusanache pa tsikulo, muzisosole ndi madzi otentha, muziwaule pa lawi kuti cheya chithe ndi kuti khungu linunkhire, kenako muzidule potsata mfundo, osati kuphwanya mafupa ndi chikwanje, chifukwa tizidutswa ta mafupa timavutitsa ana mu msuzi. Pochotsa chiwindi samalani ndulu. Ikaphulika, msuzi wonse wawawa.

Musayambe ndi kukazinga. Nyama ya tambala ikalowa m'mafuta otentha ili yaiwisi imakungika, ndipo pambuyo pake ngakhale muiwiritse bwanji imakana. Ikani tambalayo mu mphika ndi madzi ongofika pamwamba pa nyama, mchere pang'ono, vundikirani, ndipo moto ukhale wofatsa wa chikuni chimodzi chachikulu kapena makala. Pakatha ola limodzi muthiremo msoti. Madzi akachepa nyama isanafewe, onjezerani otentha, osati ozizira. Zonse pamodzi zimatenga maola awiri kapena kupitirirako. Nyama ikafewa, tungani msuzi woyerawo muusunge m'mbale, otsalawo aphwe mpaka mumve mphika ukuthetheka ndi mafuta a nkhuku yomweyo. Ndi pamenepo pothira mafuta ophikira pang'ono, kutembenuza nyama mpaka ifiire, kuikamo anyezi, ndipo anyezi akafewa, matimati osenda. Matimati akasungunuka, bwezeranimo msuzi uja uwire pang'ono. Msuzi wotere umachuluka popanda kusukuluka, ndipo pa anthu 14 ndi nkhuku ziwiri, chimene chidzakupulumutseni ndi msuzi.

Mukachita zimenezi kuyambira kum'bandakucha, mudzapita kutchalitchi nkhuku itapsa kale, pobwera n'kungotenthetsa. Pogawa, nthutumba ya tambala ipite m'mbale ya apongozi anu pamodzi ndi ntchafu kapena chidali. Ife a kale timayang'ana nthutumba tisanayang'ane china chilichonse, ndipo ikasowa timadziwa kuti nkhukuyo sinali yathu. Zipalapasiro, khosi ndi mapiko n'za ana, ndipo iwo amazilimbirana okha.

Bambo wa ku Limbuli

Zikomo agogo, zimene mwanena za msuzi n'zoona. Ine ndiyankhapo za mpunga, amayi, chifukwa ndakhala ndikuphikira anthu pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuno kumalire kwa zaka zingapo, ndipo mpunga wopserera pansi ndaudya wokwanira ndisanaphunzire.

Choyamba, makilogalamu asanu onsewo musaphike. Ngati padzakhalanso nsima, makilogalamu awiri ndi theka akwanira anthu 14, ndipo otsalawo adzakuthandizani pa Chaka Chatsopano. Chachiwiri, musauphike mu poto mmodzi wamkulu pa mafuwa. Mpunga ukachuluka mu poto wopyapyala, wapansi umapsa ndi moto pamene wapamwamba ukudikira nthunzi, ndipo n'zimene zinakuchitikirani. Ugaweni m'mapoto awiri, ndipo ngati muli ndi poto wokhuthala pansi, ameneyo ndiye wa mpunga.

Dzulo lake, ana aupete pa lichero ndi kusankha timiyala ndi mankhusu, chifukwa mpunga wogula pamsika, kaya ndi wa ku Limbuli kuno kapena wochokera ku Nyanja ya Chilwa, susowa mwala, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati kumva dzino la mlendo likulira. Poti muphike, utsukeni kawiri kapena katatu mpaka madzi ayambe kuyera. Yezani ndi kapu imodzi yomweyo: kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi. Ngati ndi Kilombero wa ku Karonga, kapena mpunga wina uliwonse wokolola chaka chomwechino, chepetsani madziwo pang'ono chifukwa umafewa msanga. Madzi awire kaye ndi mchere ndi masupuni awiri a mafuta, kenako thiranimo mpunga, takasani kamodzi kokha, ndipo mthiko muuike kutali. Madzi akaphwa kufika poti pamwamba pakuoneka timaenje totulutsa nthunzi, chotsani nkhuni zonse, patsale makala ochepa. Tengani tsamba la nthochi, muliwaule kuti lifewe, mulivundikire pa mpungawo, muike chivundikiro, ndipo makala ambiri muwaike pamwamba pa chivundikirocho. Pakatha mphindi 15 kapena 20 mudzapeza mpunga woyoyoka, umodziumodzi, wonunkhira tsamba lija. Ndimaona amayi ena akuvundikira ndi jumbo yapulasitiki; chonde musatero, tsamba la nthochi lili paliponse kuno ndipo silisungunukira m'chakudya.

Ndanena kuti padzakhalanso nsima, ndipo pamenepa ndikulimbikira. Mpunga pa Khirisimasi ndi chisangalalo cha ana, amene ena a iwo amaudya kawiri kapena katatu pa chaka. Koma mayi wachikulire mukamupatsa mpunga wokha, adzayamika, adzadya, ndipo akakafika kwawo adzauza anzake kuti kwa mpongozi anagona ndi njala. Nsima ya ufa woyera, mitanda ingapo yosalala bwino, ikhalepo, ndipo iphikidwe pomalizira kuti ifike yotentha.

Ngati mukuona kuti nkhuku ziwiri zichepa, kuno timasonkherana mabanja anayi kapena asanu n'kugula mbuzi imodzi, kuipha m'mawa wa pa 24 ndi kugawana milu. Ine ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga zam'kati, chifukwa chakudya chimene ndimachikonda koposa panyengo ino ndi nthumbwana. Chifu mumachitsuka ndi kuchipala mpaka chiyere, matumbo mumawatsuka m'kati mothira madzi kangapo, kenako mumadula chifu tizidutswa, kuikamo kamafuta pang'ono, ndi kukulunga ndi thumbo mozungulira, kumapeto n'kulowetsa kansonga kuti kasamasuke. Zimawiritsidwa pamoto wofatsa kwa ola limodzi ndi theka, madzi akaphwa n'kukazingika m'mafuta ake omwe ndi anyezi, matimati ndi tsabola mmodzi wa kambuzi. Alamu anu a m'tauni adzasiya nkhuku n'kutsata zimenezi, ndipo nkhuku idzakwanira ena.

Musanagule nyama ina iliyonse, funsani amuna anu za mipingo ya alendowo. Maboma athu awiriwa, Thyolo ndi Mulanje, ali ndi a Seventh Day ambiri, popeza mishoni ya Malamulo ku Makwasa ilipo kuyambira 1902, ndipo iwo sadya nkhumba ngakhale mlamba, ena mwa iwo samwanso tiyi ngakhale anakulira pakati pa minda ya tiyi. Ngati pali Msilamu, nkhuku ndi mbuzi zizingidwe ndi Msilamu mnzake. Za nkhuni, imeneyo ndi ntchito ya ife abambo: ziwazidwe sabata ino ndi kusanjidwa pakhonde, osadikira tsikulo.

Mayi wa pamsika wa Bvumbwe

Achemwali, ine ndimagulitsa ndiwo zamasamba, ndiye ndiyamba ndi kukuchenjezani za matimati. Mvula ikakhazikika matimati amaola m'munda ndipo mtengo umakwera, ndipo masiku awiri omalizira Khirisimasi isanafike ndi pamene ife ogulitsa timachepetsa mulu. Gulani cha pa 20 kapena pa 21, musankhe osapsetsa, muwayale pa lichero osaunjikana, adzapsera kunyumba. Anyezi ndi mafuta gulaninso nthawi yomweyo.

Ndikupempha agogo a ku Thekerani andikhululukire, koma pa nkhuku ndisiyana nawo pang'ono. Kaphikidwe kawo ndi kamene amayi anga ankatsata ndipo sindikutsutsa, koma ine pokazinga paja ndimathirako adyo wosinja, jinja pang'ono ndi kasupuni ka ufa wa kale (curry), chifukwa ana a masiku ano anazolowera fungo limenelo, ndipo msuzi wake umagwirizana ndi mpunga. Popeza nkhuku zanu ndi ziwiri, bwanji tambala mumuphike mwa agogo, wa akuluakulu ndi nsima, msoti muuphike padera ndi zonunkhiritsazo, wa ana ndi mpunga? Tsabola yekha musathire mu mphika; kambuzi musinje ndi mchere ndi madzi a ndimu, akhale m'kambale payekha.

Nkhwani wanuyo ndi chuma, ndipo musachite naye manyazi poganiza kuti si ndiwo ya pa chikondwerero. Anthu a m'tauni amagula nkhwani wofota amene wayenda tsiku lonse pa galimoto, ndiye akapeza wothyola m'mawa womwewo amamaliza mbale. Thyolani nsonga ndi masamba anthete, muwasadzule bwino, mutsuke musanadule. Madzi akhale ochepa kwambiri, awire ndi mchere ndi kasoda kakang'ono kotsina ndi zala ziwiri, muikemo nkhwani ndi matimati awiri pamwamba. Pakangotha mphindi zisanu thirani nsinjiro zosefa pamwamba pake, vundikirani kaye osatakasa kuti nsinjirozo zipse ndi nthunzi, kenako mutakase ndi kusiya pamoto wochepa mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Nsinjiro zosapsa ndi zimene zimatsegula anthu m'mimba, ndipo soda akachuluka ndiwo imaterera ngati therere.

Nthochizo muphikire chigumu, chimene ena amati chikondamoyo. Kwa ine Khirisimasi imayamba ndi fungo la chigumu madzulo a pa 24. Kale kuno ku Thyolo nthochi tinkadyetsa ndi nkhumba zomwe, magalimoto ankanyamula usiku ndi usana kuchokera ku Thekerani ndi ku Masambanjati, koma chibwerereni matenda a chisaka minda yambiri inazulidwa, ndipo nthochi zambiri zimene tikugulitsa pano zimachokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Choncho amene ali ndi mkoko wakewake asauwononge. Sankhani zakupsa kwambiri, za mawanga akuda, zokwana khumi. Zisendeni ndi kuzikanya mpaka zikhale phala. Thiranimo makapu anayi a mgaiwa, kasupuni kamodzi ka soda, mchere pang'ono, mafuta masupuni anayi, ndi madzi kapena mkaka pang'onopang'ono mpaka zikhale zoti zikhoza kutsika pa mthiko mwaulesi. Shuga ndi wongokometsera, masupuni awiri kapena atatu, chifukwa nthochi zatsekemera kale. Ngati muli ndi fulawa, kapu imodzi m'malo mwa kapu imodzi ya mgaiwa imachititsa kuti chigumu chisanyenyeke podula. Yalani tsamba la nthochi lowaula m'kati mwa poto, pakani mafuta, thiranimo, ndipo poto asadzaze chifukwa chimafufuma. Monga anenera abambo a ku Limbuli pa mpunga, moto wambiri ukhale pamwamba, pansi makala owerengeka. Pakatha mphindi 40 bayani ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, chapsa. Chigumu chogona chimadulika bwino, ndipo chidzagwira ana m'mimba ndi tiyi m'mawa pamene inu muli kalikiliki ndi nkhuku.

Pomaliza kudya musavutike ndi zakumwa za m'mabotolo zokwanira anthu 14. Ino ndi nyengo ya zinanazi za ku Mulanje, ndipo mango sanathe. Zinanazi zitatu zosenda bwino, zochotsa maso, zodula mozungulira, zimakwanira nyumba yonse. Posankha nunkhizani kumunsi kwake. Chakupsa chimanunkhira ngakhale khungu likadali lobiriwirako.

Namwino wopuma ntchito, Chitakale

Amayi, funso lanu lomalizira lija, la chimene mayi wa Chilhomwe angachidye mokondwa, palibe amene waliyankha mwachindunji, ndiye ndiyese ine amene ndine Mlhomwe wa konkuno. Aliyense adzakuuzani kuti kalongonda, chifukwa ndi chakudya chimene timadziwika nacho, ndipo amene anafikako ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu Okutobala anaona mmene anthu amamulimbiranira. Koma ine ndikuti musamuphike. Kalongonda ali ndi mankhwala achibadwa amene amazunguza mutu, kusanzitsa ndi kusokoneza munthu ngati sanaphikidwe mokwanira. Amafuna kuwiritsidwa pafupifupi tsiku lonse, kuchotsedwa makoko, ndi kutaya madzi kangapo mpaka kuda kwake kuthe, ndipo amayi athu amadziwa kuti wapsa poona ndi polawa, luso limene munthu saphunzira pa kalata ngati ino. Amadyanso nkhuni zimene mwezi uno mulibe. Ngati mukumufuna, uzani amuna anu apemphe mayi awo kuti adzabwere naye wophikaphika. Mayi wachikulire akapemphedwa chakudya cha m'manja mwake amaona kuti walemekezedwa, ndipo mudzapeza poyambira kucheza nawo.

Chimene mungaphike nokha popanda mantha ndi nandolo wouma, amene sasowa m'nyumba za kuno. Muviikeni usiku, mumuwiritse mpaka afewe, mukazingire anyezi ndi matimati, ndi kuphwanyako pang'ono ndi mthiko kuti msuzi ulimbe. Ngati mungapeze makaka, chinangwa choumitsa chija, aviikeni ndi kuwaphika pamodzi ndi nandoloyo. Ife tinakulira zimenezo, ndipo mbale yaing'ono yotere pambali pa nkhuku idzauza apongozi anu kuti munawaganizira. Ngumbi zikatuluka sabata imeneyo, zikazingeni zopanda mafuta ndi mchere, zimatulutsa ake.

Za bowa ndiyankhule monga munthu amene anagwira ntchito m'chipatala. Ino ndi nyengo yake, ndipo utale wotendera ndi ndiwo yokoma kuposa nyama, koma nyengo ya mvula iliyonse tinkalandira mabanja athunthu atadya bowa wolakwika. Inu ndinu wa ku Dedza, ndipo bowa wa dera lina akhoza kufanana ndi amene munazolowera kwanu koma osakhala yemweyo. Musatume ana kukazula, ndipo musakhulupirire zoti bowa woipa amadziwika ndi kudetsa supuni kapena kuti kuwiritsa kumachotsa poizoni. Gulani kwa mayi wachikulire amene amadya yekha bowa amene akugulitsayo, kapena ingomusiyani.

Ndigwirizana ndi agogo kuti nkhuku ipse musanapite kutchalitchi, koma pobwera iwire ndithu mpaka m'kati, osangoifunditsa, chifukwa kutentha kwa Disembala kumaononga nyama m'maola ochepa. Mpunga wotsala usagone mu poto wofunda. Ngati mulibe fuliji, phikani wokwanira kutha tsiku lomwelo. Ndipo posamba m'manja, mwana mmodzi azithirira anthu madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo, osati anthu 14 kusamba m'beseni limodzi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matenda otsegula m'mimba amakonda miyezi yomweyi. Madzi osungunulira thobwa kapena otsukira zinanazi akhale owiritsa kapena othira mankhwala.

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Ndathokoza kwambiri agogo, abambo ndi amayi nonse. Mawere ndaviika usiku wathawu, ndipo amuna anga awaza nkhuni madzulo ano atawerenga okha mawu a abambo a ku Limbuli. Tagwirizana ndi aphunzitsi anzanga atatu kugula mbuzi, ndipo zam'kati ndapempha ine, ngakhale kukulunga nthumbwana ndidzayamba ndayesera pa 24 pomwepo. Nkhuku ndidzaziphika padera monga mwanenera amayi a ku Bvumbwe. Apongozi tawaimbira foni za kalongonda, ndipo anaseka nthawi yaitali asanavomere, kenako anafunsa ngati mpongozi wawo wa ku Dedza adzamudye.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa agogo. Mwati nthutumba ipite kwa apongozi, koma nkhuku ndi ziwiri, ndipo pakati pa alamu angawo pali wamkulu kuposa amuna anga. Yachiwiriyo ndipereke kwa iwo, kapena kwa mwini nyumba?

Agogo a ku Thekerani

Mwanangu, yachiwiriyo ndi ya alamu anu aakuluwo, popeza iwo ndi alendo ndiponso ndi akulu. Amuna anu adzadya ya pa Chaka Chatsopano. Koma musagawe nokha m'khitchini. Nkhuku ikapsa, itanani apongozi anu, muwapatse chipande, ndipo muwapemphe kuti akuthandizeni kugawa chifukwa iwo ndi amene akudziwa ana awo. Adzakana kawiri, kachitatu adzalandira. Ndipo mawere aja mwaviika dzulowo muwatsanule lero lomwe, asagonenso m'madzi usiku wachiwiri, chifukwa akamwa madzi kwambiri amaola m'malo momera.